Postpone akutanthauza chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho

Ine ndinaphunzitsako Chizungu ku sekondale zaka zingapo, nde pachibale pathu aliyense akalandira meseji ya Chizungu yomuzunguza mutu amaiponya pa foni yanga, amvekere ankolo tationereni apa akuti chani. Mwa mau onse amene ndamasulirapo anthu, amene amabwera mobwerezabwereza ndi awa akuti postpone, kapena postponed. Amapezeka mu meseji ya intavyu, pa kalata ya kusukulu, ku chipatala, mu gulupu ya komiti ya ukwati, ngakhale pa zotsatira za mpira. Ndipo si mau ongowalumpha ayi, chifukwa ukawamva molakwika umataya ndalama ya thiransipoti, pena umataya mwayi weniweni wa ntchito. Ndasonkhanitsa mafunso amene anthu amandifunsa aja, ena ndayankha mwachidule, ena ndatambasula chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

Kodi postpone ndi chani?

Ndi kusuntha chinthu chimene munakonza kale kuti chidzachitike nthawi ina m'tsogolo. Msonkhano unali Lachiwiri, mwaukankhira Lachisanu, basi mwaupanga postpone. Panali tsiku lomwe munagwirizana, tsiku limenelo lasiyidwa, koma chinthucho sichinafe, chikubwerabe. Apa pomaliza ndanenapa ndi pamene pagona nkhani yonse ndipo ndi pamene anthu ambiri amaphonya.

Azungu nawonso mauwa anachita kubwereka ku Chilatini zaka zoposa 500 zapitazo. Post ndi kunena kuti pambuyo pake, ponere ndi kuika, nde mukalumikiza ndi kuika chinthu pambuyo. Post ameneyu ndi yemwe uja wa postgraduate, sukulu yomwe munthu amapanga atatenga kale digiri yoyamba, ndi yemwenso wa post-mortem, kupima thupi munthu atamwalira. Ngakhale p.m. timalemba pa nthawi uja, p wakeyo ndi post, kutanthauza kuti 12 koloko masana yadutsa.

Nde postponed ndi cancelled si chimodzimodzi?

Ayi ndithu, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Cancelled ndiye kuti chathetsedwa, musadikirenso. Postponed ndiye kuti chikadalipo, chasintha ndi tsiku.

Mwana wa achemwali anga anaitanidwa ku intavyu pa kampani ina mu Limbe, ntchito ya ukalaliki. Kutatsala masiku awiri kunalowa meseji yoti, Please note that your interview has been postponed to Thursday next week, same time and venue. Mnyamata uja maso anangogwera pa postponed, mumtima anati basi zalephereka, apeza kale munthu wawo. Jekete lomwe anabwereka kwa mnzake anakabweza, envelopu ya masatifiketi anaiika pansi pa matiresi, n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu kukathandiza mayi ake kukolola. Meseji ija anadzandionetsa patatha sabata zitatu akudandaula kuti ntchito za masiku ano ndi za odziwana. Nditawerenga ndinangogwira pakamwa, tsiku linalembedwa pompo, Lachinayi sabata yamawa, malo omwewo nthawi yomweyo. Mpaka lero zimandiwawa chifukwa mwanayo ndi wolimbikira ndipo chinamugwetsa ndi liwu limodzi basi.

Chitsanzo chachikulu chomwe dziko lonse linaona ndi masewero a Olympics. A ku Tokyo amayenera kuyamba pa 24 Julayi 2020, koma pa 24 Malichi chaka chomwecho analengeza kuti chifukwa cha Covid-19 asunthidwa, ndipo anadzayambadi pa 23 Julayi 2021, dzina silinasinthe, anatchedwabe Tokyo 2020. Ameneyo ndiye postponed. Pomwe a 1916, 1940 ndi 1944 nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse zija zinawameza, sanachitikenso, amenewo ndiye cancelled.

Nanga pa Chichewa tinene kuti chani?

Vuto lina ndi lathu lomwe, timakonda kunena kuti walephereka pa chilichonse. Msonkhano wa komiti ya sukulu walephereka, chinkhoswe chalephereka, ulendo walephereka, koma womvayo sadziwa ngati zathera pomwepo kapena zidzachitika tsiku lina. Ine ndimati ngati mukumasulira postponed nenani kuti wasunthidwa, kapena asintha tsiku, kapena aukankhira kutsogolo, kapena wayamba waimitsidwa kaye. Kaye ameneyu ndi wamtengo wapatali chifukwa ndi amene amanyamula lonjezo loti zidzapitirira. Walephereka ndi wathetsedwa tiwasiyire cancelled.

M'tauni ambiri amangoti aupanga postpone, ndipo ine sindiona vuto pocheza. Koma mukamauza agogo kumudzi kuti tsiku lokaonana ndi adokotala lasintha, chonde auzeni pa Chichewa chomveka ndipo mutchule tsiku latsopanolo kawiri.

Postpone ndi delay amasiyana pati?

Delay ndi kuchedwa kapena kuchedwetsa. Kawirikawiri palibe amene anakhala pansi n'kusankha tsiku lina, zangochitika, basi ya 7 koloko yanyamuka 9 koloko chifukwa tayala linaphulika, ndege yachedwa chifukwa cha chifunga, malipiro sanalowe pa 27. Zonsezi ndi delayed. Mukaona delayed pa bolodi la pa bwalo la ndege musabwerere kunyumba, khalani pompo chifukwa itha kunyamuka nthawi ina iliyonse. Postpone ali ndi mwini wake, pali munthu kapena komiti yomwe yapanga chiganizo kuti tisachite lero.

Chinanso delay amagwira munthu, postpone sagwira munthu. Mutha kunena I was delayed by traffic, koma simunganene kuti they postponed me pofuna kunena kuti ku chipatala andibweza andipatsa tsiku lina. Chomwe chasunthidwa ndi tsiku lanu osati inu, nde nenani they postponed my appointment.

Pali pena pomwe mau awiriwa amakumana. Mu Januwale 2023 kolera itavuta, boma linalengeza kuti sukulu za mu mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zisatsegulidwe kaye ndipo ana anakhala pakhomo pafupifupi sabata ziwiri anzawo a maboma ena atayamba kale. Pamenepo munthu atati the opening was delayed wakhoza, atati the opening was postponed wakhozanso.

Postponed to, until, for, by, on, timau timeneti timasintha chani?

Timasintha zambiri, ndipo ndi timene timakuuzani tsiku loti mukwere minibasi. Postponed to Friday ndi postponed until Friday ndi chimodzimodzi, Lachisanu ndiye tsiku latsopano. Till ndi until yemweyo. Postponed from Monday to Friday akukuuzani tsiku lakale ndi latsopano limodzi. Postponed for two weeks kapena by two weeks sakukupatsani deti, akukupatsani kutalika kwake, muwerenge nokha sabata ziwiri kuchokera pa tsiku lakale lija, ndipo ine ndimalangiza kuti muimbebe foni kutsimikiza chifukwa anthu amawerenga mosiyana.

Kamene kamapusitsa anthu ndi on. The meeting was postponed on Monday sakunena kuti msonkhano udzachitika Lolemba, akunena kuti Lolemba ndi tsiku limene anaulengeza kuti wasunthidwa. Ndaonapo anthu olemba nawonso akulakwitsa, akufuna kunena kuti wasunthidwira Lolemba koma alemba on m'malo mwa to, nde theka la komiti labwera theka silinabwere, kenako kumalozana zala. Mukaona due to, owing to kapena because of, chotsatiracho ndi chifukwa chake basi, monga postponed due to heavy rains.

Akalemba kuti postponed until further notice kapena indefinitely ndiye kuti chani?

Until further notice ndi kuti mpaka tidzakuuzeninso. Tsiku latsopano palibe, koma akulonjeza kuti adzalengeza. Ena amalemba to a later date, kapena to a date to be announced, mwachidule TBA, tanthauzo ndi lomwelo.

Indefinitely ambiri amaganiza kuti ndi mpaka kalekale, koma kwenikweni ndi kunena kuti kwa nthawi yosadziwika kutalika kwake. Kunena zoona, pa zomwe ndaona ine, zinthu zambiri zomwe zalembedwa postponed indefinitely sizidzukanso. Pali ma ofesi ena amaopa kulemba cancelled chifukwa akatero anthu afuna ndalama zawo zibwezedwe, nde amabisala mu mau amenewa, ndipo khalidwe limeneli ine limandinyansa chifukwa amene amavutika ndi munthu wamba amene analipira kale fizi ya semina kapena anagula tikiti ya shoo. Amene wanena kuti postponed ali ndi ngongole ya tsiku kwa inu. Kufunsa kuti tsikulo mutiuza liti si mwano.

Ndilembe the meeting has postponed kapena has been postponed?

Has been postponed. Msonkhano sudzisuntha wokha, umachita kusunthidwa, monga pa Chichewa sitinena kuti msonkhano wasuntha tsiku koma wasunthidwa. Ngati mukufuna kutchula osunthawo ndiye mumati we have postponed the meeting, kapena the committee postponed the meeting.

Pena mukufuna kunena kuti mwasuntha kuchita chinachake. Pamenepo mneni wotsatirayo amathera ndi ing. We postponed buying iron sheets until after the harvest, tayamba tasiya kaye kugula malata mpaka tikolole. Osati we postponed to buy. Ana a Fomu 4 amataya malikisi pamenepa chaka ndi chaka, chifukwa amafanizira ndi decide to buy kapena want to buy.

Bwanji anthu ambiri amalemba postpond kapena postponded?

Chifukwa cha m'mene amamvekera. Postponed potchula sitimati posi-po-nedi ayi, kumapetoko kumangomveka nd, ngati munthu akuti pos-pound koma ou wake wa mu phone. Nde khutu limamva postpond, munthu n'kuganiza kuti ndiye liwu lake, kenako pofuna kunena zakale amawonjezeranso ed n'kukhala postponded. Liwu lotero kulibe. Alipo ndi postpone, postpones, postponed, postponing, ndi dzina lake postponement. Mphamvu potchula imagwera kumapeto pa pone, ndipo t wapakatiyo azungu ambiri samutchula n'komwe poyankhula mwachangu, koma polemba asasowe, posponed ndi kulakwitsa.

Kodi kutembenuza kwake ndi chani, ngati tsiku alibweretsa pafupi?

Funso ili ndimalikonda chifukwa apa Chichewa ndi Chizungu zimayang'ana mbali zosiyana. Ife masiku amene akubwera timati m'tsogolo, nde tikati taukankhira kutsogolo ndiye kuti uchedwerapo, tikati taubweza m'mbuyo ndiye kuti uchitika msanga. Azungu a ku Britain amati bring forward pofuna kunena kuti chichitike msanga, ndipo put back kapena push back pofuna kunena kuti chichedwerepo. Mwaonatu, forward wawo ndi m'mbuyo mwathu, back wawo ndi kutsogolo kwathu. Munthu ukangomasulira liwu ndi liwu upezeka wafika tsiku litadutsa. The exam has been brought forward to Monday ndiye kuti konzekani msanga, mayeso ayandikira. The exam has been pushed back to Monday ndiye kuti mwapatsidwa masiku owonjezera.

Chitsanzo tonse timachikumbuka. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019 n'kulamula kuti chibwerezedwe pasanathe masiku 150. Chimenecho pa Chizungu si postpone komanso si cancel wamba, amati nullify kapena annul, kunena kuti chinachitika koma sichikuwerengedwa. Bungwe la MEC linalengeza 2 Julayi, kenako tsiku linasintha n'kukhala 23 Juni, lomwe tinakavotadi. Kuchoka pa 2 Julayi kubwera pa 23 Juni ndiye brought forward ameneyo.

Ku India ali ndi liwu lawo lakuti prepone, anangochotsa post n'kuikapo pre, ndipo kumeneko ndi liwu la tsiku ndi tsiku mu ma ofesi. Ngati mumagwira ntchito ndi amwenye mwina munalimvapo. Ndi lomveka bwino zedi koma pa mayeso kapena pa kalata yopita ku Britain kapena America lembani bring forward kapena move up. Ndipo mukaona munthu walemba moved forward popanda deti mufunseni, chifukwa ngakhale azungu okhaokha amakangana kuti mau amenewo akuloza mbali iti. Reschedule yekha ndi amene saloza mbali, amangoti tasintha tsiku, litha kukhala la pafupi kapena la patali.

Pa mpira ndimaona postponed, suspended ndi abandoned, kusiyana kwake n'kotani?

Postponed ndi gemu yomwe sinayambe n'komwe, pa zotsatira amalemba P-P kapena Postp. Mfumukazi Elizabeth II atamwalira pa 8 Seputembala 2022, magemu onse a Premier League a wikendi imeneyo anasunthidwa ndipo anadzaseweredwa masiku ena mkati mwa sizoni.

Suspended ndi gemu yomwe inayamba, yaimitsidwa kaye, ndipo itha kupitirira pomwe inalekezera. Pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen, Christian Eriksen atagwa mu bwalo pa gemu ya Denmark ndi Finland, gemu inaima kwa nthawi ndithu koma inapitirira madzulo omwewo, Finland inapambana 1-0. Mpikisano umenewonso unali wosunthidwa, unatchedwa Euro 2020 koma unaseweredwa 2021.

Abandoned ndi gemu yomwe inayamba koma yasiyidwira panjira tsiku limenelo. Pa 16 Disembala 2023 Bournemouth ndi Luton Town anali 1-1 pomwe kaputeni wa Luton, Tom Lockyer, anagwa mtima utaima, gemu inathera pomwepo. Anadzayambiranso pa 0-0 mu Malichi 2024 ndipo Bournemouth inachoka kumbuyo 3-0 n'kupambana 4-3.

Ifenso postponed anatikhudza. AFCON ija Flames inafika mu ndime ya matimu 16, Gabadinho Mhango n'kumwetsa chigoli cha patali chija kwa Morocco tisanagonje 2-1, dzina lake ndi AFCON 2021 koma inaseweredwa mu Januwale ndi Febuluwale 2022 ku Cameroon, Covid-19 ndi amene anaikankha. Nde mwana akadzakufunsani kuti bwanji chaka cha pa dzina ndi chaka cha pa kalendala zikusiyana, yankho ndi limenelo.

Ku khothi amati adjourned, ndi postpone yemweyo?

Ndi pachibale koma adjourn ndi wa zinthu zomwe anthu akhala kale pansi, mlandu, msonkhano, Nyumba ya Malamulo. Mwayamba, mwafika pena, wapampando kapena a majisitireti akuti tiyambe talekeza apa tidzapitiriza tsiku lakuti. Mkati mwa liwuli muli jour, lomwe pa Chifalansa ndi tsiku, yemwe uja wa bonjour. The case has been adjourned to 12 May ndiye kuti mlandu sunathe, pa 12 Meyi mukapezekenso, ndipo ngati muli pa belo musayerekeze kujomba poganiza kuti zatha, atha kukutulutsirani chikalata chokumangani. Mlandu wotha amagwiritsa mau ena monga dismissed, withdrawn kapena acquitted, ndipo ngati simunamve bwino funsani kalaliki wa khothi kapena loya wanu musanatuluke pa geti.

Sine die timamva pa wailesi aphungu akamatseka zokambirana uja ndi Chilatini, kutanthauza popanda tsiku. Abalalika osatchula tsiku lodzakumananso, koma adzaitanidwa.

Liwu lina la ku Nyumba ya Malamulo lofunika kusamala nalo ndi table. Kwathu kuno timatsata Chizungu cha ku Britain, nde nduna ikapanga table bilu ndiye kuti yaibweretsa kuti ikambidwe. Ku America to table a motion ndi kuiika pambali, isakambidwe kaye. Liwu limodzi, matanthauzo otembenukirana, nde amene mumagwira ntchito ku mabungwe a azungu a ku America mukamva let's table that musatulutse mapepala, akuti tisiye kaye.

Nanga defer wa ku yunivesite ndi ku banki?

Defer ndi postpone wovala tayi, amapezeka m'makalata a sukulu, a ngongole ndi a boma. Kupanga defer maphunziro ndi kupempha kuti malo ako akusungire udzayambe kapena kupitiriza chaka chamawa, mwina fizi yavuta kapena wadwala. Chofunika ndi chakuti umachita kulemba kalata ndipo akuyankhe kuti avomera, kungosowa osanena si defer, ndi kuthawa sukulu ndipo malo amapita. Deferred exam ndi mayeso omwe waloledwa kudzalemba nthawi ina pa chifukwa chomveka, si supplementary ayi, sapu ndi wa munthu amene analemba koma sanakhoze.

Ku banki deferred payment ndi kuti udzalipira m'tsogolo. Ngongole sinakhululukidwe, ndipo nthawi zambiri chiwongoladzanja chimakhala chikuyendabe, nde funsani musanasaine. Dziwaninso kuti defer to ndi nkhani ina, I defer to the chairman ndi kunena kuti ndikusiyira apampando agamule, palibe za tsiku pamenepo.

Azungu pocheza amanenadi postpone?

Amanena, koma kwambiri amati put off. We put off the trip until August, ulendo tausunthira Ogasiti. Samalani chifukwa call off ndi cancel, nde the wedding has been put off ndi the wedding has been called off zikusiyana ngati usiku ndi usana, woyambayo ankhoswe akadali pa ntchito, wachiwiriyo ukwati watha usanayambe. Put off alinso ndi tanthauzo lina la kunyansidwa kapena kugwa ulesi ndi chinthu, the smell put me off my food, fungo lija linandithetsa chilakolako cha chakudya. Ndipo kuzimitsa magetsi bwino kunena switch off kapena turn off, ngakhale kuno ambiri timati put off the lights.

Anthu a ku America ali ndi kanenedwe kena, can I take a rain check. Kanachokera ku masewero a baseball, mvula ikasokoneza gemu anthu ankapatsidwa katikiti kodzalowera tsiku lina. Lero munthu akakuyankhani choncho mutamuitanira chakudya akutanthauza kuti lero sinditha koma tidzapange tsiku lina.

Kodi procrastinate ndi postpone ndi amodzi?

Ayi. Procrastinate ndi kuzengereza, kuchita mawamawa pa chinthu chomwe ukudziwa kuti uyenera kuchita ndipo palibe chokuletsa. Mkati mwake muli cras, pa Chilatini ndiye mawa, nde ndi mawamawa weniweni. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ameneyo ndiye procrastinate. Postpone alibe mlandu mwa iye yekha, kusuntha chinkhoswe chifukwa pamudzi pagwa maliro ndi ulemu, si ulesi. Polemba dziwaninso kuti procrastinate kawirikawiri amaima yekha, he is procrastinating, sitimati he procrastinated the meeting.

Ndikufuna kulemba meseji yosuntha msonkhano, ndilembe bwanji kuti anthu asasokonezeke?

Tchulani chinthucho, tsiku lakale, tsiku latsopano, nthawi ndi malo, kenako chifukwa mwachidule ndi kupepesa. Mwachitsanzo: Please note that the committee meeting scheduled for Tuesday 4 June has been postponed to Friday 7 June at 2 p.m., same venue. This is due to a funeral in the chairperson's family. We apologise for the inconvenience.

Mwezi ulembeni ndi mau osati manambala okha, chifukwa 7/6 kwa ife ndi 7 Juni koma kwa munthu wa ku America ndi 6 Julayi. Lembaninso dzina la tsiku, Friday, kuti munthu akalakwitsa deti dzinalo limukonze. Next Friday yekha musamudalire, ena amamva Lachisanu likubwerali ena amamva la sabata yamawa. Ndipo ngati mu gulupu muli anthu amene Chizungu chimawavuta, zomwe ndi zachidziwikire mu komiti ya tchalitchi kapena ya banki m'khonde, onjezani mzere umodzi pansi, msonkhano ulipobe koma wasunthidwira Lachisanu pa 7 Juni, 2 koloko masana, malo omwe aja. Sizikuchotserani ulemu, ndipo mayi amene akanayenda wapansi makilomita angapo Lachiwiri n'kupeza chitseko chotseka mwawapulumutsa.

Ngati ndinu amene mukupempha kuti akusunthireni, nenani mwaulemu, would it be possible to postpone our appointment to Monday, ndipo mupereke tsiku lomwe mungathe osangoti tsiku lina.

Ndalandira meseji ya postponed koma sanalembe tsiku, nditani?

Yankhani tsiku lomwelo, musangokhala chete kudikira. Lembani kuti, Thank you for letting me know. Could you please confirm the new date and time? Akati sanakonze, funsani kuti when should I expect to hear from you, nde tsiku lomwe akuuzanilo likadutsa muimbenso. Meseji ija musaifufute, ijambuleni musunge, makamaka ngati munalipira kale kanthu, chifukwa ndi umboni wanu woti iwo ndi amene anasuntha osati inu kujomba. Foni ikhale yoyaka ndipo ngati mukupita kumudzi komwe netiweki imavuta asiyireni nambala ina ya m'bale amene ali m'tauni, muziyang'ananso imelo ngati munafunsira ntchitoyo pa intaneti, chifukwa ma ofesi ambiri tsiku latsopano amatumiza komwe munalembera koyamba.